Kukongola kwa limu sikunyamula katundu

Kukangocha ku Workington, dera la mafakitale lomwe lili kumwera chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Harare, misewu ya Coventry ndi Lytton imadzaza ndi magalimoto onyamula katundu. Ena amakhala akulowera ku Colcom, ena ku National Foods pa msewu wa Stirling, pomwe ena amakhala akuchokera ku Mbare Musika komwe atsitsa tomato, kabichi ndi anyezi mbandakucha. Ambiri mwa ogwira ntchito m'derali amagona ku Mbare, Rugare, Kambuzuma, Mufakose ndi Highfield, ndipo pakati pawo pali zidzukulu za anthu omwe adachoka ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzafuna ntchito ku Halale, mzindawu ukadali kutchedwa Salisbury.

Kwa mabanja otere, monganso kwa alimi a ku Domboshava, Murehwa ndi Mutoko omwe amadyetsa msika wa Mbare, galimoto ndi khasu lachiwiri. Ikaima, ndiwo zimaola, ngongole imakula, ana amabwezedwa kusukulu. Komabe malonda akayenda bwino, mwini galimoto amalakalaka kuikongoletsa. Apo m'pamene maso amagwera pa malimu owala a aluminiyamu, omwe ambiri amawatchula kuti mamagi. Malimuwa sasowa: alipo m'masitolo a zipangizo za galimoto mu msewu wa Kaguvi, alipo pa msika wa Siyaso ku Mbare, ndipo ena amabwera ali kale pa magalimoto ogwiritsidwapo ntchito ochokera ku Japan.

Kugula limu latsopano si mlandu. Vuto ndi lakuti limu likasintha, tayala nalo liyenera kusintha, ndipo anthu ambiri amasankha tayalalo poyang'ana ngati lalowa pa limu basi. Tayala likhoza kulowa bwinobwino, galimoto n'kuoneka yapamwamba, koma mphamvu yake yonyamula katundu itachepa ndi matumba oposa khumi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere za tayala zimadziwika powerenga manambala olembedwa m'mbali mwake.

Kuwerenga m'mbali mwa tayala

Tayala lililonse lili ndi mzere wa manambala ndi zilembo, mwachitsanzo 195/65 R15 91H. Nambala yoyamba, 195, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 65, ikunena za kutalika kwa khoma la tayala, kuchokera pamlomo wa limu kufika pomwe tayala limaponda pansi. Iyi si mamilimita ayi, koma magawo 65 mwa magawo 100 a kutambalala kuja. Choncho khoma la tayala limeneli ndi lotalika pafupifupi mamilimita 127. Chilembo cha R chikusonyeza kalukidwe ka nsambo za m'kati mwa tayala, kamene kampani ya Michelin ya ku France idayambitsa mu 1946 ndipo lero kali m'matayala a pafupifupi galimoto iliyonse yaing'ono. Nambala ya 15 ndi kukula kwa limu m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4.

Anthu ambiri amalekera pomwepo. Koma kwa mlimi, nambala yofunika kuposa zonse ndi yotsatirayo. Nambala ya 91 ikuimira kulemera komwe tayala limodzi lingasenze, ndipo opanga matayala onse amatsata ndondomeko imodzi: 82 ndi makilogalamu 475, 88 ndi 560, 91 ndi 615, 94 ndi 670, 102 ndi 850, pomwe 106 ndi makilogalamu 950. Chilembo chomaliza ndi cha liwiro lomwe tayalalo lingapirire: N ndi makilomita 140 pa ola, R ndi 170, T ndi 190, H ndi 210.

Matayala a magalimoto a katundu amakhala ndi chilembo cha C kapena LT, monga 195 R14C 106/104. Ena amalembedwanso 8PR, kusonyeza kulimba kwa nsambo zake. Manambala awiriwo akutanthauza kuti tayala likakhala lokha mbali imodzi limasenza makilogalamu 950, koma likakhala pawiri, monga zimakhalira kumbuyo kwa malole, lililonse limasenza 900.

Msinkhu wa gudumu usasinthe

Lamulo loyamba posintha malimu ndi lakuti msinkhu wa gudumu lonse, limu pamodzi ndi tayala lake, ukhale monga adaukonzera opanga galimoto. Limu likakula, khoma la tayala liyenera kufupika. Masamu ake ndi osavuta: kutalika kwa khoma kuchulukitsidwe kawiri, kenaka kuphatikizidwe ndi kukula kwa limu m'mamilimita.

Chitsanzo chabwino ndi Honda Fit, galimoto yomwe yadzaza m'misewu ya Harare, Lilongwe ndi Lusaka, ndipo alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko ambiri amayendera. Zambiri mwa zakalezo zidabwera ndi matayala a 175/65 R14. Khoma lake ndi mamilimita 114, limu ndi mamilimita 356, ndipo gudumu lonse ndi pafupifupi mamilimita 583. Wofuna limu la mainchi 15 ayenera kugula tayala la 185/55 R15, lomwe likupereka pafupifupi mamilimita 585. Wofuna la mainchi 16 angagule 195/45 R16, lomwe likupereka 582. Onse atatuwa ndi a msinkhu umodzi.

Akatswiri a matayala amalangiza kuti kusiyana kusapose magawo atatu mwa magawo 100. Gudumu likakula kuposa pamenepa, wotchi ya liwiro imayamba kunama: imaonetsa 100 pomwe galimoto ikuthamanga 103 kapena kuposa, ndipo wapolisi wa pamsewu sadzamva zoti vuto ndi limu. Injini imavutika poyamba kuyenda ndi pokwera mtunda, mafuta amatha msanga, mabuleki amagwira ntchito yolemera, ndipo tayala limakhula madigadi pokhota. Gudumu likachepa, galimoto imatsika n'kumagunda miyala kumimba, chinthu chomwe woyenda m'misewu ya kumudzi sangachifune.

Koma ngakhale msinkhu ukhale wofanana, pali chinthu chimodzi chomwe chatayika. Pa Honda Fit ija, khoma latsika kuchoka pa mamilimita 114 kufika pa 88. Khoma ndilo limameza nkhonya ya dzenje. Likafupika, mlomo wa limu umafika msanga pamphepete mwa dzenjelo n'kupana tayala, nsambo zimaduka, ndipo pambali pamatuluka chotupa ngati dzira. Tayala lotupa chotere silimatika, latha basi. Matayala a khoma lalifupi adapangidwira misewu yosalala. Ku Zimbabwe misewu idaonongeka kwambiri moti mu February 2021 boma lidalengeza kuti yafika pa ngozi yogwera dziko. Wodziwa misewu ya Mbare ndi Kambuzuma nyengo ya dzinja, kapena msewu wafumbi wopita kumunda kwawo, angadziyankhe yekha ngati khoma lalifupi lingamuthandize.

Matumba 11 omwe amasowa osaoneka

Ngozi yaikulu ili pa mapikapu ndi maminibasi. Ambiri mwa mapikapu akale a tani imodzi, monga a Mazda omwe ankalumikizidwa ku Willowvale momwemo mu Harare, amayendera matayala onga 195 R14C 106/104. Gudumu lake lonse ndi pafupifupi mamilimita 666. Mwini pikapu yotere akagula mamagi a mainchi 17, wogulitsa angamupatse tayala la 215/55 R17 94V, lomwe msinkhu wake ndi mamilimita 668. Poyang'ana ndi maso, zonse zili bwino. Wotchi ya liwiro sinama, madigadi sakhudzidwa, ndipo anzake pa Mbare Musika amamuyamikira.

Tsono awerenge nambala ya katundu. Matayala awiri akale a kumbuyo ankasenza makilogalamu 950 lililonse, onse pamodzi 1,900. Atsopanowa akusenza 670 lililonse, onse pamodzi 1,340. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 560, omwe ndi matumba 11 a chimanga a makilogalamu 50 ndi kakhumi kapamwamba. Komanso pa 1,340 paja payenera kuchotsedwa kulemera kwa galimoto yeniyeniyo kumbuyoko, komwe ndi makilogalamu mazana angapo. Mwiniwake akapakira matumba 20 monga ankachitira kale, ambiri mwa iwo atakhala pamwamba pa magudumu a kumbuyo, malire a matayalawo apitiriridwa galimoto isanatuluke n'komwe pa geti.

Tayala lolemedwa siliphulika nthawi yomweyo, ndipo ichi n'chimene chimapusitsa anthu. Limapindika kwambiri pomwe laponda pansi, n'kuwongoka, n'kupindikanso, kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Kupindikaku kumabala kutentha, ndipo kutentha kumalekanitsa mphira ndi nsambo zachitsulo za m'kati. Ulendo waufupi wa mu tawuni tayala likhoza kupirira. Koma kuchokera ku Mutoko kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 140. Wopitirira kukatulukira pa Nyamapanda, kudutsa Tete, kukalowa m'Malawi pa Mwanza, amadutsa m'chigwa cha Zambezi momwe m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Tayala la kumbuyo likaphulika pa liwiro, galimoto yolemera imapepeluka kumbuyo, ndipo dalaivala amalephera kuiwongola. Pamwamba pa matumba nthawi zambiri pamakhala anthu: eni katundu, amayi a geni, ana.

Kupopa mpweya wambiri sikuthetsa vutoli. Tayala la C la 8PR limasenza katundu wake wonse likapopedwa kufika pa mabaa 4.5, chifukwa lidalukidwa kuti lipirire mpweya wotere. Tayala wamba la galimoto yonyamula banja limafika pa malire a mphamvu zake pa mabaa pafupifupi 2.5. Kuwonjezera mpweya kuposa apo sikuliwonjezera mphamvu yosenza. Choncho lamulo lachiwiri, lomwe ndi lalikulu kuposa loyamba lija, ndi ili: nambala ya katundu ya tayala latsopano ifanane ndi yomwe opanga galimoto adalemba, kapena iipose. Isatsike ngakhale ndi imodzi. Ngati pa limu lomwe lakopa maso sipakupezeka tayala la mphamvu yotere, limulo si la galimoto imeneyo.

Manambala ovomerezeka a galimoto iliyonse amapezeka pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, kapena m'buku la galimoto. Pa magalimoto ochokera ku Japan mawu ake amakhala a Chijapanizi, koma manambala amawerengeka ndi aliyense. Si bwino kudalira matayala omwe galimoto yagulidwa nawo, chifukwa mwini wake woyamba mwina adalakwitsa kale.

Limu nalo lili ndi manambala ake

Kumbuyo kwa limu kumakhala kodindidwa manambala onga 15x6J ET45. Nambala ya 15 ndi kukula kwake, 6 ndi kutambalala kwake m'mainchi. Tayala lililonse lili ndi malimu omwe limakhalapo bwino. La 195/65 R15 limafuna limu lotambalala mainchi 5.5 mpaka 7. Achinyamata ena amakoka tayala lopapatiza pa limu lotambalala kwambiri kuti lioneke lokongola. Tayala lokokedwa chotere likhoza kuvuka pa mlomo wa limu galimoto ikamenya dzenje kapena ikakhota mwamphamvu, mpweya n'kutha kamodzin'kamodzi.

Nambala ya ET ikuonetsa m'mamilimita malo omwe gudumu lidzakhale. Ikachepa kuposa ya limu loyambirira, gudumu limatulukira kunja. Galimoto ikakhala yopanda katundu palibe chooneka, koma ikalemedwa n'kutsika, mlomo wa madigadi umacheka tayala, ndipo maberingi amatha msanga. Ikachuluka, gudumu limalowa m'kati n'kumakhula mashoko kapena zitsulo za mabuleki.

Mabowo a mabawuti nawo ali ndi muyezo. Honda Fit ili ndi mabowo anayi pa mzere wozungulira wa mamilimita 100. Mapikapu ambiri ndi maminibasi a Toyota Hiace a masiku ano ali ndi mabowo 6 pa mamilimita 139.7. Msampha uli pa miyezo yoyandikana, monga mabowo asanu pa 112 ndi mabowo asanu pa 114.3. Limu lolakwika likhoza kukankhidwa mpaka kulowa, koma mabawuti amakhala opindika, ndipo tsiku lina amathyoka gudumu n'kusiyana ndi galimoto. Bowo lapakati pa limu liyenera kukhala mothina pa habu. Likakhala lalikulu, pamafunika mphete yodzazira, apo ayi chiwongolero chimanjenjemera. Manati akale nthawi zina sagwirizana ndi limu latsopano, chifukwa ena ali ndi mutu wosongoka pomwe ena ndi afulati. Gudumu likamangidwa, manati amangidwenso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100.

Malimu a aluminiyamu a ku Japan amakhala ndi chidindo cha JWL, kusonyeza kuti akwaniritsa muyezo wa magalimoto onyamula banja. Opangidwira magalimoto a katundu ndi mabasi amadindidwa JWL-T. Mwini pikapu kapena minibasi afunefune chidindo chachiwirichi, kapena nambala ya makilogalamu yodindidwa kumbuyo kwa limu. Aganizirenso izi: limu lachitsulo likamenya dzenje limapindika, ndipo makaniko wa pa tauni yaing'ono iliyonse akhoza kuliwongola kuti ulendo upitirire. La aluminiyamu limang'aluka. Kuliwotcherera kumabisa mng'aluwo koma sikulibwezera mphamvu yake yakale. Asanapereke ndalama pa mamagi akale, wogula awatembenuze n'kuona ngati kumbuyo kuli zipsera za kuwotcherera.

Matayala a kaunjika

Ndalama zikathera pa malimu, ambiri amathamangira matayala a kaunjika. Apa pali zinthu zitatu zoyenera kuona. Choyamba ndi zaka. M'mbali mwa tayala muli mzere woyamba ndi zilembo za DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa. Nambala ya 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mphira umauma ngakhale tayala litangokhala m'nyumba. Opanga matayala monga Michelin amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka zisanu liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino.

Chachiwiri ndi mtundu wake. Matayala ena ochokera ku Japan ndi ku Ulaya adapangidwira nyengo ya chipale. Amadziwika ndi chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, komanso timizere tambirimbiri tochekacheka pomwe tayala limaponda. Amaoneka ngati atsopano, koma mphira wake ndi wofewa, sachedwa kuperepeseka pa phula lotentha, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime.

Chachitatu ndi kuzama kwa mizere. Malamulo a ku Zimbabwe a 2015 okhudza zipangizo za galimoto, a Statutory Instrument 129, adaika milimita imodzi ngati malire. Opanga matayala amaika timilatho m'kati mwa mizere pa mamilimita 1.6, timilathoti tikafanana ndi pamwamba pa tayala, nthawi yake yakwana. Mvula ikagwa, mizere ndiyo imataya madzi, ndipo tayala lotha limangoyandama pamwamba pa madziwo. Matayala awiri a pa ekisero imodzi akhale a saizi imodzi ndi mtundu umodzi. Tayala lapadera lisaiwalike: ngati malimu asintha, mwini galimoto aonetsetse kuti msinkhu wa lapaderalo ukufanana ndi enawo, ndi kuti manati ndi sipanala zoyenera zilipo m'galimoto.

Kwa magulu ndi alangizi

Makalabu a alimi, makopaletivi, mipingo ndi magulu a chitukuko ambiri ali ndi galimoto imodzi yomwe anthu ambiri amadalira. Ndiyo imanyamula feteleza ndi mbewu, ndiyonso imathamangira kuchipatala usiku ndi mayi woyembekezera. Komiti yoyang'anira galimoto yotere ikhoza kudziteteza ndi njira yosadya ndalama. Mlembi alembe patsamba loyamba la buku la maulendo manambala onse a tayala lovomerezeka, kuphatikizapo ya katundu ndi chilembo cha liwiro, komanso mpweya woyenera. Pofunsa mitengo kwa ogulitsa, kalata itchule manambala onsewo ndi kufunsa chaka chomwe matayalawo adapangidwa. Katundu akafika, msungichuma asapereke ndalama mpaka anthu awiri atawerenga m'mbali mwa tayala lililonse. Mtengo wotsika pa pepala nthawi zambiri umabisa nambala ya katundu yotsika.

Alangizi nawo angathandize potenga mphindi khumi pa msonkhano wa gulu kuzungulira galimoto ndi alimi, aliyense n'kuwerenga yekha manambalawo. Mayi amene wapakira makireti ake a tomato pa pikapu ya hayala ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati matayala a kumbuyo ali ndi chilembo cha C, chifukwa katunduyo ndi wake ndipo moyo womwe ukhale pamwamba pake ndi wakenso. Safunsa adadya phula.

Amene galimoto yake imangoyenda pa phula mu tawuni, yosanyamula katundu wolemera, akhoza kukweza limu ndi inchi imodzi popanda vuto, malinga msinkhu wa gudumu, nambala ya katundu, ET ndi mabowo zikugwirizana. Koma amene galimoto yake imadzuka usiku ku Mutoko kapena ku Domboshava itasenza thukuta la miyezi itatu, achita bwino kusunga malimu ake achitsulo, kuwapaka penti ngati akufuna kuti awale, ndipo ndalama za mamagi azigwiritse ntchito pogula matayala anayi atsopano a C. Madzulo magalimoto akamatuluka mu Workington kulowera kumakomo, yomwe yagwira bwino ntchito yake ndi imene yafikitsa katundu pamsika ndi kubweza anthu ake kwawo ali amoyo.